Asavomere mlandu dokotala asanawaone

Mayi wina walemba kuti amuna ake anapuma usilikali atabwerako ku DRC. Chibwerereni sagona, amadzidzimuka usiku, mowa ndiye wawonjeza. Sabata ino anamenya munthu pamalo omwera mowa ndipo ali m'chitokosi. Alamu ake akuti angovomera kuti mlandu uthe msanga. Mayiwa akufunsa ngati kuno kuli khoti lotumiza asilikali akale kuchipatala m'malo mwa ndende, monga amamva za ku America.

Mayi, khoti limenelo kuno kulibe. Ku America linayambira ku Buffalo mu 2008, koma amuna anu, poti anavula yunifolomu, akaonekera kwa majisitireti ngati wina aliyense. Ndipo majisitireti amagamula ndi zimene zalembedwa mufayilo, osati zimene mumadziwa inu kunyumba.

Malangizo a alamu anuwo ndi amene ndaona akumiza milandu yambiri yotere. Tsiku loyamba mlandu umawerengedwa, munthu n'kufunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Akavomera, wapolisi woyimira boma amafotokoza mwachidule zimene zinachitika, iye n'kuyankha kuti "ndi zoona", basi wapezeka wolakwa. Akapatsidwa mpata wodandaula, ambiri amangoti "ndili ndi ana, khoti lindichitire chifundo". Za DRC, za kusagona, palibe azitchule. Msilikali safuna kuoneka wofooka pagulu, ndipo si onse oyimira boma amene angavutike kufunsa. Chilango chimatha kutuluka tsiku lomwelo.

Choipa chake n'chakuti gawo 348 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu (Criminal Procedure and Evidence Code) limatseka apilo kwa munthu amene anavomera yekha. Angadandaule za kukula kwa chilango kokha kapena ngati chili chosemphana ndi lamulo. Khoti lalikulu likhoza kuunikanso fayilo ngati kuvomerako kunali kokayikitsa, koma nthawi yonseyo munthu amakhala ali kundende. Tsono asanayankhe chilichonse, iye kapena loya apemphe khoti kuti aonedwe ndi dokotala wa matenda a maganizo, pempholo lilembedwe. Gawo 133 limalola khoti kufufuza ngati woimbidwa mlandu ali bwino m'maganizo moti n'kutha kudziteteza.

Musathamangire mawu akuti misala. Gawo 12 la Penal Code limafuna kuti pa nthawi yomenyayo matenda akhale atamulepheretsa kuzindikira chimene akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchita. PTSD yokha, lomwe ndi vuto la maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa monga nkhondo, nthawi zambiri sifika pamenepo, ndipo kuledzera kwa dala sikupulumutsa munthu. Ngakhale khoti litavomera, sikuti amapita kunyumba. Akhoza kusungidwa ku Zomba Mental Hospital kwa nthawi yosatchulidwa, mwina yoposa chilango chimene akanalandira. Lipoti la dokotala limagwira ntchito bwino pochepetsa chilango. Ngati ndi mlandu wawo woyamba, gawo 340 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu lija limafuna kuti khoti liyambe laganizira njira zina lisanawatsekere, ndipo gawo 339 limalola kuimika chilango pa mfundo zina, monga kupita kuchipatala. Sindikulonjeza. Kumenya kovulaza chilango chake chimafika zaka 5, kuvulaza modetsa nkhawa zaka 14, ndiye zambiri zidalira lipoti la kuchipatala la womenyedwayo.

Zina ndi izi. Apolisi ayenera kuwatengera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakuuzeni za "kenakake". Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa ndalama, lero, osati m'mawa wa tsiku la mlandu. Sonkhanitsani buku lawo la kuchipatala, makalata opumira ntchito ndi chilichonse chosonyeza kuti anali ku DRC. Kalata ya bungwe la asilikali akale la VELOM ingathandizenso. Akatuluka pa belo ayambe chithandizo nthawi yomweyo, kaya ku Zomba kapena ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe kapena Mzuzu, chifukwa khoti limakhulupirira munthu amene wayamba kale kuposa wolonjeza. Kupepesa ndi kulipira za kuchipatala za womenyedwa kumathandiza, koma kudzere mwa loya. Alamu akapita okha ndi mawu okakamiza, belo ikhoza kulandidwa. Chigamulo chikaipa, chidziwitso cha apilo chiperekedwe pasanathe masiku 10.