Chikutiro chong'ambika cha buku la ana: musathamangire selotepi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje, amene anapeza mabuku asanu ndi limodzi a ana m'bokosi la malemu amayi awo. Onse ndi a chikuto cholimba, ndipo anayi akadali ndi chikutiro chapepala chovula chija, chimene ogulitsa mabuku akale amachitcha jekete. Zikutirozo zinang'ambika m'mphepete, tsono akufunsa ngati azimate ndi selotepi kapena apite nazo kukaika lamineti. Mayi, ndatha masiku anayi ndisanakuyankheni, chifukwa funso lanu landikumbutsa chinthu chimene ndinachita ndi manja angawa, ndipo mpaka lero chimandiwawa mumtima.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, anagulira akulu anga kabuku ka nkhani za nyama ka Ladybird, kampani yosindikiza mabuku a ana. Kanali kakang'ono kokwana m'dzanja la mwana. Mkati mwa chikutiro, pamene pepala limapindikira kuseri kwa chikuto, panali mtengo wake, 2/6, kutanthauza masheleni awiri ndi makobiri asanu ndi limodzi, pakuti kwacha ndi ngwee zinadzabwera mu 1968. M'munsi mwa mtengowo bambo analembamo dzina la akulu anga ndi inki yabuluu. Kabukuko kanadutsa m'manja mwa ana asanu m'nyumba yathu ya ku Kabwata, ndipo pofika kwa ine mzime, chikutiro chinali chitang'ambika pamsana, ngodya zitanyenyeka, koma chithunzi chinali chowala monga kale.

Ndili ku sekondale ndinaganiza zochikonza. Ndinagula selotepi pakantemba n'kumata paliponse pong'ambika, kunja ndi mkati momwe, ndipo amayi anandiyamikira kuti ndine mwana wosamala zinthu. Patapita zaka ngati khumi, nditatsegula sutukesi yachitsulo m'mene tinkasungamo mapepala, ndinapeza selotepi uja atauma n'kumayoyoka yekha ngati khungu la njoka, koma paliponse pamene anagona anasiyapo mzere wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pepala linali litayamba kuonekera ngati lathiridwa mafuta. Ndinadzadziwa pambuyo pake chimene chimachititsa zimenezi. Ulimbo wa selotepi wakale ndi wa mphira, ndipo ukamakalamba umayamba wafewa n'kulowerera m'pepala, kenaka umauma, kusintha mtundu ndi kuleka kugwira. Wamakono sachita kufiira chomwecho, koma amagwira kwambiri moti pomumatula amachoka ndi utoto wa chithunzi.

Cholakwa chachikulu ndinachichita ndili munthu wamkulu, bambo atatisiya kale. Poona mizere yofiirira ija ndinaopa kuti pepala litheratu, ndipo ndinapita nacho chikutirocho kushopu ina ya fotokope m'tauni. Mnyamata wa pamenepo anachiyala pakati pa mapulasitiki awiri n'kuchilowetsa m'makina otentha ine ndikuona. Chinatuluka chili gwa ngati chitupa, ulimbo wotsala uja utasungunuka n'kufalikira pachithunzi, makwinya atamatidwira mkati momwemo. Pofuna kuwongola m'mphepete, iye anadula ndi chodulira mapepala, ndipo mzere umene unagwa pansi unatenga theka la dzina limene bambo analemba. Sindimuimba mlandu mnyamatayo, pakuti anachita ntchito imene amaichita tsiku lililonse pa masatifiketi ndi makadi, ndipo amene anamutuma ndine. Chikutirocho sichipindikanso, choncho sichingavekedwenso pabuku lake, ndipo palibe katswiri amene angachotse pulasitiki wotenthedwayo pepala n'kutsala monga linalili.

Ndikaganiza bwino, ndimaona kuti chizolowezichi tinachitenga kusukulu. Januwale aliyense makolo a mu Lusaka muno amakhala pamphasa usiku ndi pepala la khaki, pulasitiki ndi selotepi, kukutira makope a ana, ndipo mwana wobwera ndi kope losakutira amabwezedwa. Pa kope limene litha ntchito mu Disembala, mwambowu ndi wabwino ndithu. Koma watiphunzitsa kuganiza kuti chinthu chosamalidwa ndi chonyezimira, ndiponso kuti pong'ambika paliponse ndi pochititsa manyazi. Ine maganizo amenewa ndikuwakana kwathunthu. Chikutiro cha zaka 60 chimene chang'ambika pang'ono pamsana chikadali chikutiro chenicheni, pamene chomatidwa m'pulasitiki chasanduka chinthu china, ndipo osonkhanitsa mabuku akale amasankha chong'ambikacho nthawi zonse.

Zikutirozi n'zosowa chifukwa poyambirira sanazipange kuti zikhalitse. Zina mwa zakale kwambiri zimene zikudziwika ndi za ku England za cha m'ma 1830, ndipo ntchito yake inali yongoteteza buku ku fumbi m'sitolo, wogula akafika kunyumba n'kutaya. M'mabuku a ana kuwonongeka kunali kofulumira koposa, pakuti mwana akagwira buku choyamba kuvula ndi chikutiro. A Ladybird, amene ankasindikizira ku Loughborough, ku England, anasiya kuika zikutiro zapepala cha m'ma 1965 n'kuyamba kusindikiza chithunzi pachikuto penipeni. Choncho ngati ena mwa mabuku anu ndi amenewa ndipo ali ndi chikutiro, dziwani kuti ndi a nthawi imeneyo isanafike. Sindikufuna kukunamizani kuti mwatola chuma, chifukwa mabuku otere anasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo mtengo umakwera makamaka pa amene anatuluka ulendo woyamba. Komabe musadule ngodya pamene palembedwa mtengo, pakuti mtengowo umathandiza kudziwa nthawi imene buku linasindikizidwa, ndipo chikutiro chodulidwa ngodya chimatsika mtengo.

Nyengo yathu nayo siichitira chifundo pepala. Lusaka ili pamalo okwera mamita oposa 1,200, dzuwa lake ndi lamphamvu, ndipo buku loikidwa pashelefu yoyang'ana pawindo limafwifwa pamsana, makamaka utoto wofiira ndi wachikasu. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imalowetsa fumbi paliponse, kenaka kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimakwera, ndipo chikapitirira 65 peresenti kwa nthawi yaitali nkhungu imayamba kumera papepala. Ndinaonapo katoni ya mabuku imene inaikidwa pasimenti pafupi ndi khoma lakunja, ndipo poinyamula pansi pake panali dothi la chiswe lokhalokha. Mphemvu nazo zimanyambita utoto wa chikutiro n'kusiya mawanga oyera, ndipo ngati munamatapo ndi nsima monga tinkachitira tili ana, ndiye kuti mwaziitana nokha.

Tsono muchite chiyani

Sambani m'manja ndi kupukuta kuti muume, vulani chikutiro pang'onopang'ono, ndipo chotsani fumbi ndi burashi yofewa. Musachisite ndi simbi ndipo musachinyowetse. Chiyaleni pakati pa mapepala oyera, muikepo buku lolemera kwa masiku angapo kuti chiwongoke. Mukatero chivekeni pulasitiki woonekera wa mtundu wa polyester, amene malaibulale amagwiritsa ntchito ndipo amagulitsidwa ndi maina monga Mylar ndi Melinex. Ameneyu amangopindidwa kuzungulira chikutiro popanda guluu, ndipo pong'ambika pamagona pamalo pake posamatidwa n'komwe. Pewani pulasitiki wofewa wonunkha wa PVC, chifukwa amatulutsa mankhwala omata ndi kuwononga utoto. Ngati polyester simunamupeze, sungani chikutiro chili choyalidwa m'foda ya pepala loyera, buku lili padera.

Pamene pang'ambika kwambiri, akatswiri amamata kuseri kokha, ndi pepala lopyapyala la ku Japan lopangidwa ndi khungwa la mtengo wa kozo, pamodzi ndi phala lamadzimadzi la sitachi wa tirigu, chifukwa zimenezi zikanyowetsedwa pang'ono zimamatuka osasiya banga. Musayambe kuphunzirira pa mabuku a amayi anu. Yesani kaye pa magazini akale, kapena mukafunse uphungu kwa osunga zolembedwa zakale ku National Archives of Zambia, ku Ridgeway.

Munatchulanso kuti tizidutswa tina ta chikutiro munatipeza pansi pa bokosilo. Chonde, mayi, musatitaye ngakhale kamodzi. Tiikeni m'envulopu, buku lililonse yakeyake, ndipo mulembe ndi pensulo kunja kwake kuti tachokera pabuku liti. Ine mzere uja wa dzina ndinausiya pansi m'shopu muja, ndipo pamene ndinabwererako mawa lake anali atasesa kale.