Indiketa ikungoyaka osaphethira: musagulenso flasher, yambani mwaona earth

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Mangochi amene ali ndi Datsun pikapu ya m'ma 1970, yomwe amanyamulira nsomba kuchokera kumadoko a mumsewu wa ku Monkey Bay kubwera nazo pa boma. Mwachidule akuti indiketa ya kumanja ikuphethira bwinobwino, koma ya kumanzere imangoyaka osaphethira. Babu lake la kumbuyo limayaka mozilala, ndipo akaponda buleki limazimiratu. Munthu amene anamuimika kumbuyo anawauzanso kuti nyali yofiira ya kumanja imayaka pang'ono pomwe buleki sanaponde. Asintha flasher (kachipangizo kamene kamachititsa kuti indiketa iziphethira) kawiri koma palibe chasintha, ndipo COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yatsala pang'ono kutha.

Bambo, choyamba sungani ndalama zanu. Flasher ilibe mlandu. Maindiketa a mbali zonse ziwiri amadyera flasher imodzi, ndipo switchi ya pachiwongolero ndiyo imasankha mbali yotumizako moto. Ngati kumanja kukuphethira, ndiye kuti fyuzi ili bwino, flasher ili bwino, moto ukufikanso pa switchi. Vuto lili pamene moto wadutsa kale pa switchi, kumbali ya kumanzere kokha, ndipo zizindikiro zitatu mwatchulazo zonse zikuloza malo amodzi: nyali ya kumbuyo kumanzere yataya earth.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti mukamvetsa apa simudzasocheranso pa galimoto ina iliyonse yakale. Moto ukalowa m'babu umayenera kubwerera ku negative ya batire. Pa galimoto njira yobwererayo ndi chitsulo cha galimotoyo, ndiye earth imene tikunenayi. Mababu onse a m'nyali ya kumbuyo, la indiketa la 21W ndi la buleki ndi parking la 21/5W, amabwezera moto pa njira imodzi. Njirayo ikatsekeka ndi dzimbiri, moto wa indiketa sungoima, umafuna potulukira pena. Umadutsa m'babu la indiketa, n'kulowa cham'mbuyo m'babu la buleki la kumanzere, n'kutsata waya wa buleki mpaka ku babu la kumanja, n'kupeza earth kumeneko. Mababu atatu akugawana 12V imodzi, n'chifukwa chake onse akuyaka mozilala, ndipo kuwala kofiira kumene mnzanuyo anaona kumanja ndi moto wa indiketa umene wasochera. Mukaponda buleki, waya uja umadzaza 12V. Babu la indiketa limakhala ndi moto mbali zonse ziwiri, popita palibe, basi limazima.

Nanga kusaphethirako? Flasher yachikale ili ndi kachitsulo m'kati kamene kamatenthedwa ndi moto wopita ku mababu. Kakatentha kamapindika n'kudula moto, kakazizira kamabwerera n'kulumikizanso, ndiye kuti the-the-the mumamva pansi pa dashibodi kuja. Inapangidwa kuti inyamule mababu awiri a 21W, ndi kena ka 5W ngati galimoto ili ndi kanyali ka m'mbali. Babu limodzi la 21W limakoka pafupifupi 1.75A, awiri 3.5A. La kumbuyo likamakoka pang'ono chabe, kachitsuloko sikatentha mokwanira, ndiye nyali zimangoyaka chiyakire. Flasher za electronic zimene zinabwera pambuyo pake zimaonetsa vuto lomwelo mwa njira ina: zimaphethira mothamanga kwambiri.

Galimoto yanu ili ndi zifukwa zonse zotayira earth pamalo amenewo. Madzi a ayisi ndi a nsomba amatsetserekera kumakona a bodi, pomwe pali nyali, tsiku ndi tsiku. Fumbi la misewu yotsikira kudoko limamatirira pamadzipo n'kusanduka matope amene sauma msanga, mabampu nawo amamasula masikuluwu. Komanso bodi ya pikapu ndi yomangirira pa chasisi ndi mabawuti, ndipo pa zaka zoposa 40 dzimbiri limalowa pakati pake.

Kuti mutsimikize musanamasule kanthu, tengani waya wautali mamita awiri. Mbali ina mumange pa bawuti ya pa chasisi imene mwaipala mpaka kuwala. Tsegulani kiyi, ikani indiketa kumanzere, chotsani galasi la nyali, ndipo mbali ina ya waya mugunditse pa chitsulo cha soketi ya babu, chozungulira chakunjacho, osati kadontho ka pansi. Babu likawala mwamphamvu, flasher n'kuyamba kulira, mwalipeza. Mukafuna kuchotseratu chikaiko, kokani wayayo kuchokera pa negative ya batire penipeni.

Kukonza kwake n'kotere. Chotsani kaye theminolo ya negative pa batire. Masulani nyali yonse muitulutse. Nyali zina zimatenga earth kudzera m'masikuluwu omangira, zina zili ndi waya wake, kawirikawiri wakuda pa galimoto za Datsun ndi Nissan, wopita pa bodi. Palani ndi sandipepala paliponse pamene chitsulo chikukhudzana ndi chinzake, mpaka penti ndi dzimbiri zichoke, pawale mbee. Koma musathere pomwepo, chifukwa pa ntchito yanuyo pabwereranso dzimbiri mvula isanathe. Ikani waya watsopano wa earth wa 1.5mm kapena 2.5mm, kuchokera pa chitsulo cha nyali kupita pa chasisi mwachindunji. Kumapeto konse kuwiri kukhale ndi theminolo yozungulira yofinyidwa bwino, yabwinonso kuiwotcherera ndi mtovu, washa wa manomano pansi pake, ndipo mukamanga pakani girisi pamwamba kuti madzi asafike. Kupota waya pa bawuti n'kumata tepi si kukonza ayi, ndi kuchedwetsa vuto. Chitani chimodzimodzi kumanja ngakhale kukugwira ntchito, popeza madzi akumeneko ndi omwewo.

Nyali ili m'manja choncho, yang'anani m'soketi. Pansi pake pali kadontho ka mkuwa kokhala pa sipuling'i, kamene kamayenera kukankha babu. Kakachita zobiriwira kapena sipuling'i ikafooka, babu limayaka mwa apo ndi apo, makamaka pa mabampu. Pindani kasandipepala mupale m'kati, kokani kadonthoko pang'ono kuti kabwerere m'mwamba, pakani Vaseline pang'ono pa tsinde la babu. Soketi imene yadyeka mpaka kubooka igulidwe ina. Onaninso labala wa pakati pa galasi ndi nyali, ndi kabowo kotulutsira madzi pansi ngati nyali yanu ili nako, chifukwa nyali yosunga madzi imawononga zonse mwakonzazo.

Mababu muwawerenge zolemba zake pa tsinde, musangowaona ndi maso. La indiketa ndi 12V 21W, la kawaya kamodzi m'kati, kadontho kamodzi pansi, timapini take tiwiri tofanana msinkhu. La buleki ndi 21/5W, la tiwaya tiwiri, madontho awiri, timapini tosiyana msinkhu kuti lilowe njira imodzi yokha. Zimachitika kuti munthu pa changu amakakamiza babu la kadontho kamodzi m'soketi ya buleki, n'kulumikiza waya wa buleki ndi wa parking, ndiye mukaponda buleki nyali za pa dashibodi zimayaka. Wina amaika babu la 5W kapena 10W pa indiketa chifukwa ndi limene linalipo, ndipo flasher imasiya kuphethira. Palinso mababu a 24V a malole, amene amalowa bwinobwino m'soketi yomweyo koma amawala mozilala. Pogula onetsetsani.

Zikatheka kuti waya woyesera uja sanasinthe kanthu, apa m'pofunika tesita. Pangani yanu ndi babu la 21W ndi mawaya awiri. Ndimalimbikitsa babu lalikululi dala: mita yoyezera magetsi imatha kuonetsa 12V pa waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi kosaduka, koma babu la 21W limafuna moto weniweni, ndiye silikunamizani. Waya wina pa earth yabwino, winayo muziyenda naye. Yambani pa soketi ya kumbuyo, bwererani pa pulagi yolumikiza mawaya a bodi pansi pa galimoto, mpaka pa pulagi ya pansi pa chiwongolero. Pamene babu likuwala bwino mbali ina koma mozilala mbali inayo, vuto lili pakati pomwepo. Pa pikapu zakale malo okayikitsa kwambiri ndi pamene wina anadulapo mawaya kuti alumikize ngolo kapena nyali zowonjezera. Vundukulani tepi yakaleyo, kawirikawiri mupeza mkuwa wakuda wofumbutuka. Dulani mpaka mupeze mkuwa wowala.

Moto ukapanda kutuluka pa pulagi ya pachiwongolero kumbali ya kumanzere, ndiye switchi. Girisi wakale amauma n'kusakanikirana ndi fumbi pa timikuwa ta m'kati. Imatsegulika n'kutsukika, koma itsegulireni m'beseni, chifukwa muli kasipuling'i ndi kachitsulo kakang'ono zimene zikadumphira mumchenga simuzionanso.

Kwa ena amene mbali zonse ziwiri zafa, ndondomeko ndi ina. Yambani fyuzi. Za galasi zakalezo zimatha kuoneka zabwino koma zitalekana m'kati mwa kapu, ndiye ziyeseni ndi tesita mbali zonse ziwiri, mupalenso timano tozigwira. Ikapsa, ikani ya nambala yomweyo yolembedwa pa chivundikiro. Ikapsanso pali shoti, waya wakhuzuka penapake ndipo akukhudza chitsulo. Chonde musakulunge fyuzi ndi pepala lonyezimira kapena kuikamo waya, mawaya a galimoto ya zaka zimenezi akagwira moto pansi pa dashibodi simungauzime msanga. Kenako switchi ya hazard: pa pikapu zambiri zakale moto wa maindiketa umadutsira mmenemo, ndipo poti sigwiritsidwa ntchito kawirikawiri imachita dzimbiri. Iyatseni n'kuizimitsa kakhumi kapena kupitirira, nthawi zina maindiketa amadzuka pomwepo. Dziwaninso kuti hazard ikhoza kukhala ndi flasher yakeyake, choncho kugwira kwa hazard kumangotsimikiza kuti mababu ndi mawaya ake ali moyo. Flasher ya mapini awiri mumaiyesa poizula n'kulumikiza mawaya ake awiriwo. Nyali zikayaka mwamphamvu osaphethira mbali imene mwasankha, flasher ndiyo yafa. Pa ya mapini atatu lumikizani mawaya a mapini olembedwa B ndi L, kapena 49 ndi 49a. Pini ya E kapena 31 ndi earth, mukaikhudzitsa fyuzi ipsa.

Za mababu a LED, amene ambiri akuwakonda tsopano: amakoka moto wochepa kwambiri, ndiye flasher yachikale siwamva. Pamafunika flasher yolembedwa kuti ndi ya LED, kapena resistor (kachipangizo kokoka moto wowonjezera kuti flasher imve) ya 6 ohm 50W pa babu lililonse, imene imatentha ndipo iyenera kumangidwa pa chitsulo, kutali ndi pulasitiki. Ngati dashibodi yanu ili ndi kanyali kamodzi ka mbali zonse ziwiri, moto umatha kudutsira mmenemo n'kuyatsa maindiketa onse anayi. Pa Datsun yanuyo, bambo, khalani ndi mababu a 21W, amapezeka paliponse ndipo ndi amene flasher yake inapangidwira.

Mukamaliza kumanga, yesani injini ikulira. Batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6V galimoto ili chete, ndipo injini ikamayenda pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Moto ukachepa flasher yachikale imaphethira mwaulesi. Imikani munthu kumbuyo madzulo, yatsani nyali zazikulu, pondani buleki, ikani indiketa kumanzere kenako kumanja. Nyali iliyonse iwale payokha osakoka inzake, ndipo muwerenge ndi wotchi: kuphethira kukhale pakati pa 60 ndi 120 pa mphindi imodzi. Zikatero pitani ku COF, ndipo flasher ziwiri munachotsazo muziike m'galimoto ngati sipeya.