Mnzanuyo sakuphunzira urabi, akuphunzira kutsogolera anzake

Achemwali, mwafunsa za mnzanu wa m'kalasi ku yunivesite ku Cape Town, Myuda wa zaka 20, amene Disembala aliyense amasowa milungu ingapo kukayang'anira ana ku msasa, ndipo mukudabwa ngati akuphunzira urabi, kuti adzakhale mphunzitsi wa chipembedzo chachiyuda. Ayi ndithu. Mmene mwafotokozeramo, ali m'gulu lina la achinyamata achiyuda.

Ku South Africa magulu odziwika ndi Habonim Dror, Bnei Akiva ndi Netzer. Habonim inayambira ku London mu 1929, Bnei Akiva nayo chaka chomwecho ku Jerusalem. Bnei Akiva ndi ya osunga chipembedzo mwamphamvu, Sabata ndi malamulo a zakudya. Habonim imatsamira ku chikhalidwe, Chiheberi ndi maganizo a sosholizimu. Netzer ndi ya Ayuda a Reform, amene amasintha miyambo ina kuti igwirizane ndi moyo wa masiku ano. Amasiyana zambiri, koma pa chinthu chimodzi onse amayenda limodzi, ndipo ndi chimene chimandigwira mtima: akuluakulu sakhala patsogolo. Mwana amalowa ali ku pulayimale, amakula momwemo, ndiye akamamaliza sekondale amamuphunzitsa utsogoleri n'kumupatsa kagulu kake ka ana. Pamenepo amatchedwa madrich, kapena madricha akakhala mtsikana.

Tengani msasa wa Habonim ku Onrus, pafupi ndi Hermanus. Madricha ndiye amadzutsa ana m'matenti m'mawa, ndiye amakonza masewera ndi zokambirana za tsikulo, ndiye amakhala pambali pa kamwana kolira usiku chifukwa kapukwa amayi ake. Lachisanu dzuwa likamalowa amawasonkhanitsa kuti alandire Sabata ndi nyimbo. Ngakhale mkulu wa msasa wonse, woona za mabasi, chakudya ndi ndalama, amakhala wachinyamata wa msinkhu wa ku yunivesite. Lamulo lawo lalikulu ndi chitsanzo cha iwe mwini. Ukauza ana kuti atsuke mbale, manja ako akhale oyamba kulowa m'madzi.

Apa ndi pamene uyuda wa munthu umamera mizu. Mtsikana amene mawa akafotokozere ana a zaka 12 chifukwa chake pa Pasika amadya mkate wopanda yisiti, usiku uno ayenera kuwerenga yekha, ndipo anawo amufunsa mafunso oti sangawazembe. Zimene anangomva kwa agogo ake zimasanduka zake chifukwa tsopano akuzipereka kwa ena.

Ena akamaliza matiriki, mayeso omaliza a sekondale, amapita ku Israel chaka chathunthu. Ku Jerusalem kuli sukulu yotchedwa Machon, imene kuyambira 1946 yakhala ikuphunzitsa atsogoleri a magulu amenewa ochokera kunja, kuti akabwerera kwawo akatumikire. Kaphunziridwe kachiyuda kakalekale nakonso kamathandiza. Anthu amakhala awiriawiri, buku la Torah (mabuku asanu a Mose) kapena Talmud (zokambirana za arabi akale) lili pakati, wina kuwerenga mokweza, mnzake kutsutsa, mpaka mfundo ituluke. Amati chavruta. Munthu woleredwa chotero saopa kufunsidwa.

Mwina mwamvanso za Birthright. Mu 1990 kafukufuku wa Ayuda a ku America anapeza kuti 52 mwa 100 alionse olowa m'banja zaka zimenezo ankakwatirana ndi osakhala Ayuda, ndipo atsogoleri anada nkhawa kwambiri. Mu 1999 Charles Bronfman ndi Michael Steinhardt, mothandizana ndi boma la Israel, anayambitsa Birthright, ulendo waulere wa masiku 10 wopita ku Israel kwa achinyamata achiyuda a zaka 18 mpaka 26. Ambiri apita, ndipo sindikunyoza. Koma kwa ine masiku 10 m'basi sangapange mtsogoleri. Mlendo amangoona zimene wamuonetsa. Mu 2018 achinyamata ena anachoka pa ulendowo uli mkati, akudandaula kuti za moyo wa Apalestina sizinkafotokozedwa. Chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi Moishe House, yoyambira ku Oakland ku America mu 2006: achinyamata ochepa a zaka za m'ma 20 amakhala nyumba imodzi, bungwe limawathandiza lendi, iwo n'kumaitana anzawo ku chakudya cha Sabata ndi maphunziro. Palibe rabi wowalamula. Aphike okha, aitane okha, alephere okha, akonze okha.

Chenjezo limodzi, achemwali. Musaganize kuti poti ali m'gulu lotere ndiye kuti amavomereza zonse za boma la Israel. Pa nkhani imeneyi achinyamata achiyuda amatsutsana kwambiri, ngakhale m'tenti imodzi. Mufunseni gulu lake ndi liti komanso ana a msinkhu wanji wapatsidwa chaka chino. Ndipo musadabwe akayamba kusowa madzulo mayeso asanathe, chifukwa kukonzekera msasa wa Disembala kumayamba miyezi ingapo m'mbuyo.