Bambo amawerenga Baibulo, koma amapunthwa pa ndowa

FUNSO: Bambo anga ali ndi zaka 63 ndipo chaka chatha anawapeza ndi matenda a maso otchedwa glaucoma. Anawapatsa mankhwala odonthezera m'maso, koma patatha miyezi inayi anasiya, ati sakuona kusintha kulikonse. Chotisokoneza n'chakuti Baibulo amawerenga bwinobwino, koma amapunthwa pa mtondo kapena pa ndowa, ndipo dzuwa likalowa satulukanso m'nyumba. Anasiya kupalasa njinga, kumaliro ndi kutchalitchi sapitanso, moti abale ena ayamba kunena kuti akungonamizira. Kodi tiwathandize bwanji?
Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Mayi, muyambe mwawauza abalewo kuti bambo sakunamizira. Glaucoma imawononga mtsempha umene umatumiza ku ubongo zimene diso laona, ndipo kawirikawiri izi zimachitika chifukwa madzi a m'kati mwa diso satuluka bwino, n'kuyamba kupanikiza mtsemphawo. Matendawa amayamba kudya kuona kwa m'mbali, pamene kuona kwa pakati kumatsala kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake munthu amatha kuwerenga zilembo zing'onozing'ono, koma osaona ndowa imene ili pafupi ndi phazi lake. Mdima umamuvutanso kwambiri, ndipo akachoka padzuwa n'kulowa m'nyumba maso amachedwa kuzolowera.

Nkhani imene yandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi yosiya mankhwala. Ambiri tinazolowera ng'ala, imene munthu akachitidwa opaleshoni amabwera kumudzi akuona, choncho timayembekezera kuti mankhwala a maso alionse azibwezeretsa kuona. Glaucoma si choncho. Mbali ya mtsempha imene yafa siidzukanso, ndipo ntchito ya mankhwala ndi kutsitsa kupanikiza kwa madzi aja kuti mbali yotsalayo isawonongeke. Ngati munthu amene akuthira mankhwala akuonabe lero monga ankaonera chaka chatha, ndiye kuti mankhwala agwira ntchito yake. Ndimaona kuti odwala ambiri amataya mtima chifukwa palibe amene anakhala nawo pansi n'kuwafotokozera mfundo imeneyi m'chinenero chawo, ndipo abale amakhala akuwadzudzula pa chinthu chimene sanauzidwe.

Muwafunsenso modekha ngati pali china chimene chinawagwetsa ulesi. Ena mankhwala amawaluma m'maso, ena manja amanjenjemera moti dontho limagwera patsaya, ndipo ena amachita manyazi kupempha ana ndalama yoyendera mwezi ndi mwezi. Mankhwala a timolol, amene amaperekedwa kwambiri kuno, sayenera munthu wa mphumu kapena amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono, choncho dokotala adziwe ngati bambo ali ndi vuto lotere. Dontho limodzi ndi lokwanira, ndipo akathira atsinzine n'kupanikiza pang'ono pakona ya diso yoyandikana ndi mphuno kwa mphindi ziwiri. Akakhala kuti mankhwala akuwavutadi, pali njira ya laser (kuwala kwamphamvu kumene dokotala amalozetsa m'diso) komanso opaleshoni yotsegulira madziwo njira. Kafukufuku amene anachitika pachipatala cha KCMC ku Moshi, m'dziko la Tanzania, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anaonetsa kuti laser inathandiza odwala ambiri kuposa timolol. Kuchokera ku Dedza, mukhoza kupita nawo kuchigawo cha maso pa Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Nkhoma, kuti akawayezenso ndi kukambirana njira yowayenera. Musalole kuti wina awafinyire masamba m'maso, kapena kuwagulira mankhwala a maso popanda dokotala, pakuti ena mwa mankhwalawo amakweza kupanikiza kumene tikulimbana nakoku.

Komabe umoyo wa munthu wa glaucoma sudalira chipatala chokha. Mantha a kugwa ndi amene amatsekera anthu ambiri m'nyumba, ndipo zambiri zochepetsa manthawo zili m'manja mwanu. Chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake ndipo chisamasunthidwe popanda kuwauza. Njira yopita kuchimbudzi ikhale yosalala, yopanda miyala, makasu kapena chingwe choyanikapo zovala chodutsa m'munsi. Pakani laimu m'mphepete mwa khonde ndi pa masitepe kuti pazionekera, ndipo muwagulire tochi yowala bwino. Chipewa cha khonde chimawathandiza dzuwa likamathobwa m'maso. Pa za njinga, bambo anaganiza bwino kusiya, chifukwa galimoto kapena mwana wochokera m'mbali sangamuone msanga.

Chimene sindikufuna kuti muchizolowere ndi kudzipatula kwawo. Munthu amene anali kupezeka pa maliro alionse a m'mudzi, lero n'kumangokhala pakhomo, amayamba kudziona ngati mtolo kwa ana ake, ndipo kukhumudwa kotere n'kofala pakati pa anthu amene maso akuwathera. Nthawi zina sapita kugulu chifukwa anadutsa munthu osamupatsa moni, n'kumva kuti akunenedwa kuti ayamba kunyada. Mudziwitse abusa ndi anzawo kuti aziyamba ndi iwo kulonjera ndi kutchula dzina lawo. Mdzukulu wowaperekeza asamawakoke dzanja, koma bambo ndiwo agwire chigongono chake n'kumayenda pambuyo pake pang'ono. Pa nkhani za munda, malonda ndi milandu ya m'banja, muziwafunsabe nzeru monga kale. Akasiya kudya, kugona kapena kulankhula, mukanene zimenezi kuchipatala. Kuona kukachepa kwambiri, bungwe la Malawi Union of the Blind lingakulozereni kumene angaphunzire kuyenda ndi ndodo yoyera.

Pali mbali ina yokhudza inuyo. Glaucoma imayenda m'magazi, ndipo mwa anthu akuda imafala kwambiri komanso imayamba msanga, popanda ululu kapena chizindikiro chilichonse. Tsiku limene mukuperekeza bambo, inunso mukayezetse, ndipo muwauze abale awo a bere limodzi pamodzi ndi ana awo onse amene afika zaka 40 kuti akayezetse ngakhale akuona bwino.