Musatseke pakamwa seva imene ikulira

Achimwene ena a ku Dwangwa anditumizira imelo. Akuti VM imodzi (kompyuta yongoyerekeza imene imayenda mkati mwa kompyuta ina) pa seva yawo ikungogwa n'kudzukanso, ma log (mauthenga amene makina amalemba onena zimene zikuchitika) achuluka moti sakuwerengeka, ndiye akufunsa kuti angawachepetse bwanji. Funsoli landigwira mtima, chifukwa zoterezi ndinaziona ndi maso anga kuno ku Salima.

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kabungwe kena kanali ndi seva imodzi ya KVM (njira ya Linux yoyendetsera ma VM) m'kachipinda kopanda zenera, fani yokha ikupukusa mpweya wotentha. Magetsi atazima usiku, UPS (bokosi la mabatire osunga magetsi) inalira pang'ono kenako zii, mabatire ake anali atatha kalekale. Atayakanso, VM ya database inayamba kugwa. Amene anaikonza poyamba analemba kuti on_crash, lamulo lonena zochita VM ikagwa, ikhale coredump-restart, ndiye ikagwa inkasiya chifayilo chachikulu cha zonse za mu RAM (memore ya makina) n'kudzukanso, mpaka mbandakucha. Mmene ndinkafika disiki inali itadzaza thothotho. Disiki ikadzaza, QEMU, pulogalamu yoyendetsa ma VM, imaimitsa VM iliyonse imene ikufuna kulemba, choncho ngakhale ya malipiro, yomwe inalibe mlandu, inali itaima. Amayi a ku akaunti anangokhala pakhomo mafomu ali pamiyendo, ndipo unali mwezi ukutha.

Izi zimandipweteka mpaka lero. Mabungwe athu amalandira seva yamtengo wapatali, koma mu bajeti simupezamo batire la UPS kapena munthu wopukuta fumbi. Kutentha kwa kunyanja kuno sikuseweretsa makina. Seva ija itayesedwa ndi memtest86+, pulogalamu yoyesera RAM, kunapezeka kuti RAM imodzi inali itafa, ndipo uthenga woloza kumeneko unali m'mizere yoyambirira yeniyeni, usanakwiririke ndi zikwi za mizere yobwerezabwereza.

N'chifukwa chake ndikukana, achimwene, kuti kuchepetsa mauthenga ndiye mankhwala. Mwana akamalira ndi malungo simumutseka pakamwa kuti mugone. Komanso makinawo amachepetsa kale okha. Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, pa mauthenga amene ali ndi malire, imalola 10 pa masekondi 5, otsalawo n'kungolemba kuti "callbacks suppressed". Nayo journald, pulogalamu yosunga ma log, ili ndi malire ake, RateLimitIntervalSec ya masekondi 30 ndi RateLimitBurst, ndipo ikataya mauthenga imanena kuti yataya angati. Pa Xen, pulogalamu ina yoyendetsa ma VM, guest_loglvl imabwera ili none/warning, kutanthauza kuti machenjezo okhudza ma VM amadutsa moyezedwa, kuti VM imodzi yopenga isadzaze log ya Xen imene imaoneka mukalemba xl dmesg. Anthu amene anakonza zimenezi anaganiza bwino: malire amateteza disiki, ndiponso amatchinga munthu woipa amene angagwetse VM dala kuti abise zina m'phokosomo. Koma malirewo sasankha. Akakwana, uthenga wofunika wa VM ina ukhoza kutayika limodzi ndi zinyalala. Ine amene amathina malire mpaka log kukhala chete sindimuyamikira ngakhale pang'ono.

Ndiye muchite chiyani?

Yambani ndi kuletsa kudzukako. Mu libvirt, pulogalamu yoyang'anira ma VM, sinthani on_crash ikhale preserve (kuisiya mmene yagwera) kapena destroy (kuizimitsa), ndipo onetsetsani kuti VM ili ndi pvpanic, kachida kodziwitsa kuti yagwa, apo ayi pulogalamu yoyendetsa VM (hypervisor) sidziwa n'komwe kuti kernel ya mkatimo yagwa. Ngati ikudzutsidwa ndi systemd, pulogalamu yoyatsa mapulogalamu ena mu Linux, StartLimitBurst imaletsa yokha kudzutsako pakadutsa maulendo 5 m'masekondi 10, koma VM imachedwa kugwa kuposa pamenepo, ndiye talikitsani StartLimitIntervalSec. Kenako tsegulani fayilo ya VM imeneyo mu /var/log/libvirt/qemu/ muwerenge kugwa koyamba. Fulumirani, chifukwa virtlogd, imene imalemba fayiloyo, imadula fayilo ikafika 2 MB n'kusunga zakale zitatu zokha.

Mukatero ikani SystemMaxUse, malire a malo amene ma log angatenge pa disiki, mu journald.conf, ndipo /var/log ikhale padera ndi pamene pali madisiki a ma VM. Malire a mauthengawo asiyeni mmene alili. Mukapeza mizere yoyambirira ija munditumizire, tiione limodzi.