Kasungidwe ka mbiri ya kalasi yanu

Achimwene, mwafunsa kumene mungasunge zithunzi ndi mndandanda wa mayina a anzanu amene munamaliza nawo maphunziro a ukachenjede. Chonde musaziike malo amodzi okha, pakuti ife a kuno ku Mzuzu sitinaiwale moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015, mabuku ambirimbiri n'kusanduka phulusa. Jambulani pepala lililonse, mulisunge m'makompyuta a anthu atatu osiyana, kenako mukafunse ku National Archives ku Zomba ngati angalandire mapepala enieniwo. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo mayina, chaka ndi malo, chifukwa inki imalowerera ndi chinyezi cha kuno, ndipo mapepala osiyidwa m'katoni pansi amachita chuku msanga.