Kodi Batire Lopepuka Ndi Loyenera Galimoto Yanu Yaliwiro?

Mmodzi mwa owerenga andilembera kalata pa imelo kufunsa za batire. Iwo ali ndi galimoto yaliwiro yolemera pafupifupi makilogalamu 1,300, ya injini ya masilinda anayi yokhala ndi turbo, imene amayenda nayo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo nthawi zina amapita nayo ku bwalo la mipikisano kukayesa liwiro lake. Masiku ena onse imangokhala m'galaja. Batire lakale layamba kufooka, ndipo aona malonda a batire la lithium lolemera makilogalamu awiri okha, limene olipanga akuti lili ndi mphamvu yolizira injini yoposa ya batire limene ali nalo. Funso lawo ndi lakuti, kodi agule limeneli, kapena pali china chimene sakuchiona?

Chilipo chimene simukuchiona, ndipo chifukwa chake n'chakuti pa malondapo sichilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Batire la galimoto limayezedwa m'njira ziwiri zosiyana. Njira yoyamba ndi CCA, nambala yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene batire lingatulutse kwa masekondi 30 kukuzizira kufika pa -18°C, mphamvu yake isanatsike kupitirira 7.2V. Njira yachiwiri ndi Ah, yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batirelo limasunga. Tingaziyerekezere ndi mtsuko: CCA ndi kukula kwa kukamwa kwake, pamene Ah ndi kuchuluka kwa madzi amene amalowamo. Kamtsuko kakang'ono kokamwa kwakukulu kamakhuthula madzi mwamphamvu, koma sikachedwa kuuma. Batire la makilogalamu awiri limene mwaonalo lingalize injini yanu mwachangu ndithu, sindikukayikira, koma moto umene limasunga kawirikawiri umakhala pakati pa 10Ah ndi 15Ah, pamene batire la mtovu limene galimoto ngati yanuyo inabwera nalo limakhala la 60Ah kapena 70Ah. Chenjeraninso ndi nambala yotsatana ndi zilembo za PbEq, chifukwa imeneyo si moto weniweni umene uli m'katimo, koma ndi kuyerekezera kwa opanga kuti batire lawolo limaliza injini ngati la mtovu la kukula kwakuti. Funsani Ah yeniyeni, ndipo ngati wogulitsa akuzemba funsolo, lisiyeni batirelo.

Nkhani ya Ah ndi imene ndikufuna kuti tikhalitsepo, popeza mwanena kuti galimoto yanu imaima masiku asanu pa sabata. Galimoto yamakono sigona tulo tenitheni ngakhale mutachotsa kiyi. Alamu, kompyuta ya injini, wailesi yosunga masiteshoni, ndiponso kachipangizo komvetsera rimoti ya zitseko, zonsezi zimapitiriza kumwa moto pang'onopang'ono, kawirikawiri pakati pa 20mA ndi 50mA (1,000mA ndiwo amp imodzi). Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati galimoto ikumwa 30mA, pa maola 24 yamwa 0.72Ah, choncho batire la 12Ah limakhala litatheratu pasanathe masiku 17. Mukawonjezera chipangizo cholondolera galimoto ikabedwa kapena kamera yojambula galimoto ili poima, n'kufika pa 50mA, batire lomwelo litha m'masiku 10. Batire la 60Ah, pa 30mA yomweyo, limatenga masiku oposa 40 kuti lingofika pa theka. Ndiye ndi batire la 12Ah lija, mukadumphitsa Loweruka limodzi kapena awiri chifukwa cha mvula kapena ulendo, mudzapeza galimoto ili ziii.

Ku bwalo la mipikisano nakonso vutoli limakutsatirani. Mukatuluka m'bwalo n'kuzimitsa injini, mafani oziziritsa redieta amapitiriza kuzungulira, ndipo ambiri amasiya kiyi ali potsegula kuti aone zimene zipangizo zajambula. Nyali ziwiri zakutsogolo za 55W iliyonse zimakoka ma amp pafupifupi 9, kutanthauza kuti batire la 12Ah silingaziyatse kufika ola limodzi ndi theka. Chovuta china n'chakuti batire la lithium silidandaula likamatha. La mtovu limakuchenjezani, stata imayamba kuzungulira mwaulesi ndipo nyali zimachita chizimezime. La lithium limagwira mphamvu yake pafupi ndi 13V mpaka litatsala pang'ono kutheratu, kenaka limangoduka mwadzidzidzi.

Musanagule chilichonse, yezani galimoto yanu kuti mudziwe moto umene imamwa ikaima. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, masulani chingwe cha negetivu pa batire, ndipo lumikizani mita yoyezera magetsi (multimeter) pakati pa chingwecho ndi mutu wa batire, mutayamba mwaiika pa 10A kuti fyuzi yake isapse. Poyamba nambala imakhala yokwera chifukwa makompyuta adzidzimuka, choncho dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo kufikira itatsika n'kukhazikika. Musayerekeze kuliza injini mita ili yolumikizidwa chotero. Nambala imene yakhazikikayo ichulukitseni ndi 24, kenaka ndi masiku amene galimoto imaima nthawi yaitali, ndipo zimene mwapezazo zisapitirire theka la Ah ya batire limene mukufuna kugula. Kenaka bwezeretsani chingwe, lizani injini, ndi kuyeza mphamvu pa mitu ya batire injini ikuyenda pang'onopang'ono ndiponso mutaiponda mafuta. Nambala yachiwiriyi tiifuna posachedwapa.

Tsopano tione mabatire amene alipo. Batire la mtovu ndi asidi ndi lakalekale, analipanga Gaston Planté ku France mu 1859, ndipo lidakali lodalirika, koma la galimoto ngati yanu limalemera makilogalamu 15 mpaka 20. Mtundu wa AGM ndi wa mtovu womwewo, kungoti asidi wake amagwidwa ndi ulusi wagalasi, motero satayika ndipo batirelo limapirira kugwedezeka. AGM wa kukula kofanana ndi batire lanu sangakupepukitsireni kanthu, koma pali ang'onoang'ono amene oyendetsa magalimoto a mipikisano akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, monga Odyssey PC680, lolemera pafupifupi makilogalamu 7 ndipo limasunga 16Ah. Ubwino wake ngwakuti alternator (makina otchaja batire injini ikamayenda) ndi chaja zimene muli nazo kale zimalidziwa, koma vuto la moto wochepa lija lilinso pomwepo, ndipo batire la mtovu likamatheratu kawirikawiri silikhalitsa.

Mtundu wa lithium woyenera kulizira galimoto ndi LiFePO4, umene gulu la wasayansi John Goodenough la ku University of Texas linaulengeza cha m'ma 1996 ndi 1997. Maselo ake ndi a 3.2V lililonse, ndipo anayi amapanga 12.8V, nambala yoyandikana kwambiri ndi 12.6V ya batire la mtovu lodzaza, n'chifukwa chake alternator wamba amatha kulitchaja. Mtunduwu suyaka moto mwachisawawa poyerekeza ndi mitundu ina ya lithium imene ili m'mafoni ndi m'malaputopu, ndipo ndikukupemphani kuti ngati pa batire sanalembe poyera kuti ndi LiFePO4, musaliike m'galimoto.

Chitsanzo chimene chimandithandiza kuganiza bwino pa nkhaniyi ndi cha Porsche. Mu 2010 kampaniyi inayamba kupereka batire la lithium kwa ofuna pa 911 GT3, 911 GT3 RS ndi Boxster Spyder. Linali la 18Ah, losakwana makilogalamu 6, ndipo linkachepetsa kulemera kwa galimoto ndi makilogalamu oposa 10. Komabe wogula ankapatsidwanso batire la mtovu, chifukwa kukazizira kutsika pa 0°C la lithium lija linkafooka. Kampani yodziwa bwino magalimoto ake inaona kuti ndi bwino kumuuza wogula malire a chinthucho. Kuzizira kumavutitsa lithium pawiri: kumachepetsa mphamvu yolizira injini, ndipo kutchaja maselo ali pansi pa 0°C kumawawononga m'kati mosabwezeka. Amene amakhala kozizira amayatsa nyali kwa kanthawi asanalize injini kuti batire lidzitenthetse lokha. Kutentha nakonso kumafupikitsa moyo wake, ndipo mfundo imeneyi ikukukhudzani kwambiri inu, popeza pansi pa boneti ya galimoto ya turbo imene yangozungulira bwalo pamatentha koopsa. Ngati batire lanu limakhala pafupi ndi turbo kapena ekizozi, pafunika chotchinga kutentha, kapena kulisamutsa.

Batire la lithium labwino limakhala ndi BMS, kachipangizo ka m'kati koonetsetsa kuti maselo anayi aja akudzaza mofanana, ndiponso kodula magetsi batire likatsika kwambiri kapena likatchajidwa mopitirira. Lopanda BMS likatheratu kamodzi kokha likhoza kuferatu. Komatu BMS ili ndi mbali ina yofunika kuimvetsa. Selo la LiFePO4 siliyenera kupitirira 3.65V, ndiye kuti batire lonse malire ake ndi 14.6V. Apa ndi pamene nambala yachiwiri ija ikugwira ntchito. Alternator wamba amatchaja pakati pa 13.8V ndi 14.4V, ndipo zimenezi zili bwino. Koma magalimoto ambiri atsopano ali ndi alternator woyendetsedwa ndi kompyuta, amene amakweza mphamvu kufika pafupi ndi 15V dalaivala akasiya kuponda mafuta. Ngati BMS idula batire injini ikuthamanga, alternator amatsala wopanda kotulira magetsi ake, mphamvu imalumpha mwadzidzidzi, ndipo makompyuta a galimoto akhoza kupsa. Magalimoto ena, monga ambiri a BMW, ali ndi sensa pa mutu wa negetivu ndipo amafuna kuti batire latsopano lilembetsedwe m'kompyuta, ndipo amene amazima okha pa maloboti anapangidwira AGM kapena EFB (mtundu wina wa batire la mtovu wopirira kuliza injini pafupipafupi). Ngati yanu ili m'gulu limeneli, gulani batire limene olipanga atsimikiza kuti likugwirizana ndi galimoto yanuyo, osangoti galimoto iliyonse ya 12V.

Chaja nayonso muisinthe. Machaja ambiri a mabatire a mtovu ali ndi gawo lotsitsimutsa batire lofooka pokweza mphamvu kupitirira 15V, ndipo zimenezo zimawononga lithium. Pezani chaja yolembedwa kuti ndi ya LiFePO4.

Nanga phindu lake ndi lalikulu bwanji? Tiyerekeze kuti batire lanu ndi la makilogalamu 17. Mukaika la makilogalamu awiri mwachotsa 15, ndipo mukaika la lithium la 30Ah kapena 40Ah, lolemera makilogalamu 6 mpaka 8, mwachotsa pafupifupi 10. Kusiyana kwa mabatire awiriwa ndi makilogalamu asanu basi, pa galimoto ya makilogalamu 1,300. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, choncho makilogalamu asanuwo ndi malita osakwana 7 a mafuta, amene mumawatentha m'kanthawi kochepa mukamazungulira bwalo. Sindikunyoza kuchotsa kulemera, ayi. Batire ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene munthu angachotsepo makilogalamu 10 pa ola limodzi popanda kugwetsa mipando kapena kudula chitsulo, ndipo popeza m'magalimoto ambiri limakhala m'mwamba ndiponso kutsogolo kwa matayala akutsogolo, kulipepukitsa kumathandiza galimoto pokhota. Koma makilogalamu asanu otsirizawo mumawagula ndi magawo awiri mwa atatu a moto wosungidwa, ndipo kwa galimoto yoyendanso pa msewu malonda amenewo ndi oluza.

Ena amalangiza kusamutsira batire ku buti kuti kulemera kugawike bwino. Ndi batire lolemera nzeruyo imamveka, ndipo Mazda MX-5 yoyamba inatuluka ku fakitale batire lili kumbuyo. Koma chingwe chochindikala choyenda kuchokera ku buti kufika ku stata chimalemera makilogalamu angapo pachokha, motero ndi batire lopepuka kale phindu limachepa, pokhapokha ngati mukuthawa kutentha kwa turbo kuja. Mukasamutsa, ikani fyuzi yaikulu pafupi penipeni ndi mutu wa pozitivu, tetezani chingwe paliponse pamene chikudutsa pa chitsulo, ndipo ngati batire ndi la mtovu lipatseni kapaipi kotulutsira mpweya kunja, chifukwa potchaja limatulutsa hydrogen amene amayaka. Kulikonse kumene lingakhale, batire laling'ono silikwana pa choikapo chakale, ndipo lamba wapulasitiki kapena thovu lopanikizira si zokwanira. Limangeni ndi chitsulo ndi mabawuti, vindikirani mutu wa pozitivu, ndipo werengani malamulo a bwalo limene mumapitako, popeza oyendera magalimoto amagwedeza batire ndi dzanja asanakuloleni kulowa, ndipo mipikisano yambiri imafunanso switchi yodulira magetsi onse.

Yankho langa kwa inu ndi ili. Batire la makilogalamu awiri lija ndi loyenera galimoto ya mipikisano yokhayokha, yokwezedwa pa ngolo popita ku bwalo, yopanda alamu ndi wailesi, imene magetsi ake amadulidwa ndi switchi ikangoima. Yanuyo si yotero. Ngati alternator wanu sapitirira 14.4V ndipo kwanuko sikuzizira kufika pochita chisanu, sankhani LiFePO4 la 30Ah kapena 40Ah yeniyeni, lokhala ndi BMS, la kukula kokwana pa choikapo chanu ndi mitu yoloza mbali yoyenera. Mabatire ena, monga a Antigravity, amadzidula okha moto ukachepa n'kusungako wokwanira kulizira injini, ndipo kwa galimoto yoima masiku ambiri chimenecho n'chothandiza kwambiri. Ngati m'galaja mwanu muli magetsi, lumikizani chaja ya lithium nthawi zonse pamene galimoto iima kupitirira sabata ziwiri. Koma ngati mita yasonyeza kuti mphamvu imafika ku 15V, kapena galimoto imagona panja m'nyengo yachisanu, khalani pa AGM yocheperako pang'ono kuposa batire lanu lakale, ndipo makilogalamu otsalawo mukawafune pa marimu ndi ekizozi.